Laputopu ya Malemu Callisaya

Nieves anabwera nayo Lachinayi, tsiku la msika waukulu,
ataikulunga m'nsalu ya mizeremizere
monga amayi a kuno ku El Alto amakulungira khanda.
Anaiika patebulo langa, pakati pa mawaya ndi mafoni osweka nkhope,
nati: "Ya bambo anga. Kwina konse akuti yakalamba."

Ndinaitsegula. Chivundikiro chinalira ngati chitseko cha khola.
Chilembo cha A chinafufutika kale, cha E nachonso,
ndipo pomwe dzanja la malemu linkatsamira
panali posalala, pakuda, ponyezimira:
zaka khumi ndi zitatu akuwerengera za minibasi,
mafuta, matayala, chindapusa cha apolisi.

Kuyaka inayaka, koma ngati nkhalamba yodzutsidwa m'chisanu.
Mphindi zisanu ndi zinayi ndisanaone kanthu,
kenako uthenga wa eni pulogalamu,
waulemu ngati kalata yochotsera munthu ntchito:
makina awa sitikuwadziwanso, gulani ena.

Gulani ena! Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Kumtunda kuno mpweya ndi wochepa,
ngakhale galu sathamanga pachabe.
Vuto si kuchepa kwa mapapo ayi.
Vuto ndi mtolo umene akusenzetsa.

M'khosi mwanga muli chingwe cha nsapato,
pachingwepo kafulashi kobiriwira, koperepeseka m'mbali.
M'menemo mumagona Linux, wa mtundu wopepuka uja,
wopanda mikanda, wopanda zithunzi zovinavina,
wolukidwa ndi anthu amene sindidzagwirana nawo chanza,
amene anasiya khomo losatseka
nati tengani, konzani, mugawireko ena.

Ndisanafufute kanthu ndinasamutsa zithunzi.
Bambo wamfupi ataima pambali pa minibasi yoyera,
phiri la Illimani kumbuyo kwake litafunda chipale.
Zinalipo mazana awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Ndinawerenga kawiri.

Sindinganame kuti zinayenda myaa.
Intaneti inakana kwamtuwagalu:
kachipangizo kake kanali ka kampani yomwe inatseka kalekale.
Msika unatha, ogulitsa anapinda malona awo abuluu,
mphepo inayamba kuluma zala,
ine pamaso pa sikirini yakuda bii,
kutayipa ndi magolovesi odula nsonga,
kulakwitsa, kutukwana, kuyambiranso.
Cha m'ma leveni ndinapeza mizere isanu ndi umodzi
imene munthu wina anasiya zaka zapitazo
osalembapo ndi dzina lomwe.
Ndinaikopera umodziumodzi.
Kanyali kakang'ono kanaphethira.
Ndinavula chipewa, ndekhandekha, ngati ndalowa m'tchalitchi.

Lamlungu Nieves anabweranso, ndinamuuza zoona.
Batire linafa, izikhala pachingwe ngati chiweto.
Usatsegule masamba oposa anayi, imabanika.
Mafilimu aziyenda motsimphina.
Koma kulemba ilemba. Kuwerengera iwerengera.

Anadina batani.
Masekondi makumi anayi, basi.
Fani inapuma mwakachetechete, osakuwa ngati kale.

Iye sanayang'ane n'komwe zomwe ndinavutikira.
Anatsegula tsamba loyera
nayamba kalata yopempha malo kusukulu ya unamwino,
chala chake chikugwera pa A wosaonekayo
osamufunafuna,
pomwepo pankagwera cha bambo ake.
Ndinatembenuka, ndinayamba kusanja masikulu
omwe anali osanjika kale.

Anandipatsa timakobili tochepa
ndi kathumba ka mbatata zoumitsidwa ndi chisanu cha usiku.
Anaikulunganso, naibereka kumsana,
nasowa m'khamu la zipewa.

Ndinabwezera kafulashi m'khosi, kadakali kofunda,
poti panali pataima kale mnyamata wina
atakumbatira chibokosi chotuwa ndi fumbi,
waya wake ukukwekwereka pansi ngati mchira,
akundifunsa ndi maso.