Buku la Mvula pa Thuchila

Seveni koloko m'mawa uliwonse
ndimavundukula chitini choyezera mvula
kuseri kwa ofesi ya zaulimi.
Lero ndapezamo kangaude
ndi tsamba louma la nandolo.
Ndalemba ziro.
Dzulo ziro, dzana ziro.
Tsamba lonse la Okutobala
langokhala mazira a nkhanga
amene make anathawa lupsa.

Phiri lili apo, silibisala.
Masana limamanga mtambo kumutu ngati duku la ku ukwati,
ife n'kumauonerera ukutsetserekera mbali inayo,
kumene kuli tiyi.
Mlongo wanga Faresi amathyola masamba cha ku Muloza.
Amaimba foni kudandaula:
"Achimwene, kuno zovala sizikuuma."
Ndimayang'ana ming'alu ya m'zidendene zanga
n'kumuuza kuti atumizeko chinyezicho pa minibasi,
ndilipira ine.

Chiperoni chikabwera mu Juni sichigwa ayi,
chimangozungulira ngati mlendo wosokera khomo,
kunyowetsa tsitsi, nthaka n'kuisiya ili gwa.
Ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa.
M'chitini mumatsala madzi
osakwana kutsuka mlomo wa mpheta,
koma lamulo la ntchito limati lemba,
ndiye ndimalemba: kadontho.

Kenako mphepo.
Kamvuluvulu amadzuka pabwalo la mpira,
kutolera majumbo a msika wonse wa Nkando
n'kukawayanika pa bulugama.
Mtsinje umaonda mpaka nthiti kuonekera,
akabaza amadutsa osatsika panjinga,
amayi amafukula mchenga kufika m'chigongono
n'kukhala pansi, kudikira madzi
atuluke okha ngati mwana wamanyazi.

A Mukhwapa, a nyumba yoyandikana,
chaka chatha anabzala ndi chizimalupsa.
Ndinati, "Buku likuti dikirani."
Iwo anati, "Bukulo limadya?"
Chimanga chinamera ndithu, chinafika m'mawondo,
Januwale n'kubwera ndi ng'amba ya masabata atatu,
masamba n'kupotana ngati chingwe cha mbuzi.
Sanandipatse moni mpaka Pasaka,
ngati dzuwalo ndinachita kulituma ndine.

Komatu mvula ya kuno ikakumbukira ngongole
imabweza yonse usiku umodzi.
Malichi uja chitini chinasefukira.
Ndinakhuthula kawiri, tochi ili kukamwa,
phiri likubangula mumdima.
Kutacha, Thuchila anali atatuluka m'nyumba mwake
atasenza zitseko, nkhokwe, nthochi ndi mizu yomwe.
Patsamba limenelo inki inasungunuka.
Nambala ya tsikulo ndinaiwala.
Chomwe sindiiwala ndi nsapato imodzi ya mwana
itakodwa pamwamba pa mtengo wa mango,
pomwe ngakhale ine sindingafikire.

Abwana akabwera kuchokera kuboma
amaphatikiza manambala anga onse
n'kugawa, n'kunena kuti chaka chinali chapakatikati.
Chapakatikati!
Munthu wopsa mwendo wina, wina uli m'madzi,
mungamuuze kuti ali bwino?

Madzulo ano nyenje zaleka kulira msanga.
Mphepo yatembenuka, ikuchokera kumpoto,
ikununkhira fumbi lonyowa la kwa eni ake.
Nyerere zasamutsa mazira pakhonde.
A Mukhwapa aima pampanda, khasu paphewa,
thumba la malaya litatupa:
mapira pang'ono, nandolo pang'ono,
chimanga chochepa kuposa chaka chatha.
"Aphunzitsi a mitambo," akutero, "likuti bwanji buku?"
Ndawauza zoona:
bukuli limadziwa za dzulo zokha.
Aseka, koyamba chichokereni Pasaka.

Kangaude uja ndamutulutsa ndi kaudzu, osamupha.
Chitini ndachipukuta ndi m'mphepete mwa shati,
ndachibwezera pamalo pake,
kukamwa kuli yasa kuyang'ana kumwamba
ngati ife tonse.
Pensulo ndasongola.