Mlendo Pakwawo

Pachipata anatimanga tizingwe tapulasitiki pamkono,
tobiriwira, umboni woti talipira.
Tinalipo anayi: ine, mwamuna wanga Dario,
ndi ana awiri amene nyanja anaionera koyamba
pawindo la ndege, dzana lomweli.
Mtsikana wa duwa kukhutu anandiveka nkhata ya maluwa m'khosi
nati, "Takulandirani pachilumba chathu."
Ndinathokoza.
Nanga ndikanati chiyani?
Mchombo wanga unakwiriridwa pafupi pompa,
paja athirapo phula kuti paziima magalimoto.

Dzuwa likumira, wina anaomba chigoba cha nkhono,
phuuu! kanayi,
ndipo tonse tinakhamukira kudzenje,
mafoni m'mwamba ngati tikupempha mvula.
Amuna awiri anakankha dothi ndi mafosholo,
nachotsa ziguduli zonyowa ndi masamba a nthochi ofota,
nthunzi ili tolotolo.
Fungo linandipeza ndisanakonzeke:
utsi, mchere, mafuta a nkhumba
yogona pa miyala yamoto chiyambire mbandakucha.
Ndinaona bambo anga ndi kabudula wawo wong'ambika pathumba
akundikalipira kuti nditalikire dzenje,
tsiku limene mlongo wanga Kaipo anakwanitsa chaka
ndipo chigwa chonse chinadya mpaka mwezi kulowa,
popanda womanga mnzake kachingwe.

Patebulo, Nalu anaviika chala mu poi,
phala lotuwa la koko wosinja,
nalawa, nakwinya nkhope.
"Amayi, ichi n'chakudya kapena guluu?"
Banja la ku Ohio limene tinakhala nalo linaseka mpaka misozi.
Nanenso ndinaseka,
koma zala zanga ziwiri zinali zitanyamuka kale,
kuzungulira m'mbale kamodzi, kulunjika kukamwa
osadonthetsa.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikukokolola chipale chofewa ku Minnesota
sizinaziiwalitse njira.

Ng'oma. Miuni. Manja a ovina akusimba za mvula ndi mafunde.
Anaitana ana a alendo kutsogolo,
Mahina wanga anapita, chiuno chouma ngati chitseko,
maso ali pamapazi a mwiniwake wa gule.
Dario ankaomba m'manja mosemphana ndi ng'oma,
wosangalala zedi, munthu wosalakwa.
Mawu a nyimbo ndinkawatola apa ndi apo
ngati ndalama zachitsulo zotayikira mumchenga.
Ambiri anandipulumuka.

Kenako mmodzi wa ofukula aja anabwera kudzatolera mbale.
Imvi, mapewa otambalala, chipsera cha moto padzanja.
Anatenga mbale ya Dario, ya Nalu,
pa yanga anaima.
"Iwe si mwana wa Keawe,
uja ankalima koko kumtunda kwa mlatho?"
Pakhosi panga panauma gwa.
Ndinangogwedeza mutu.
"Mphumi imeneyo," iye anatero, napita ndi mbale zake.

Ndinkayesa zathera pomwepo.
Koma anthu akubalalika, miuni ikuzima umodziumodzi,
anandipeza pachipata chija
nandifumbatitsa kaphukusi kotentha kokulunga m'masamba.
"Tsaya la nkhumba. Ili sitiika patebulo la alendo.
Uwauze a kwanu kuti Palani akadakumbabe."
Sindinamuuze kuti owauzawo anatha.
Mwina ankadziwa.

M'galimoto yobwereka ana anagona tisanalize injini,
nkhata zawo zitayamba kale kuda m'mphepete.
Dario anafunsa ngati ndasangalala.
Ndinati dikira pang'ono, usayendetse.
Ndinaluma kachingwe kapulasitiki kaja, kanakana kuduka.
Ndinakasiya.
Ndinamasula masamba pamiyendo panga
n'kuyamba kudya ndi manja, mumdima,
mafuta akutsikira kuchigongono,
pamwamba pa phula,
penapake pafupi ndi nambala 47
yolembedwa ndi penti yoyera.