Chigayo Chakale cha pa Chitakale

Injini adaizula kalekale,
koma banga la oyilo likadali pakati pa nyumba,
ndipo ufa wa zaka makumi awiri
udabisala m'ming'alu ya chipupa.
Ukakhoma msomali, chipupa chimatsokomola zoyera.

Tilipo atatu, anayi Lemani akasowa ganyu.
Lendi timasonkha pa twente-faifi,
koma a Nampinga amafika pa twente-folo
kudzatikumbutsa kuti mnyamata wa vidiyo
nyumbayi akuilota usiku ndi usana.

Masana ine ndimalembera anthu zikwangwani:
TIKUWOTCHERERA PANO. NGONGOLE MAWA.
Madzulo, zotsalira m'zitini ndi zanga.
Mukaona thambo langa lili lobiriwira
musati ndi luso.
Buluu adatha.

A Makwinja amasema mafelemu a zitseko zakugwa,
mkungudza wodulidwa iwo asanabadwe,
akuti wamoyo sadzaukhudzanso ndi sompho.
Fungo lake limatiperekeza mpaka kunyumba.
Esinala amatola majumbo kumsika,
kuwachapa, kuwang'amba, kuwapota pantchafu,
mpaka zinyalala zivomere kukhala chikwama.
Chiperoni chikatsika penti sauma masiku atatu,
timangokhala, manja m'khwapa,
kukangana za mpira.

Alendo okwera phiri amaima pano.
Amafuna Sapitwa atavala mtambo,
amafuna minda ya tiyi yosalala ngati bulangete
ndi amayi owerama, dengu kumsana.
Ndajambula misana makumi anayi.
Msana suvuta.
Msana sukufunsa kanthu.

Loweruka lina mvula idakankhira mayi mkati muno,
zala zakuda ndi utomoni wa masamba,
nsapato za pulasitiki m'manja.
Adayenda ndi chipupa pang'onopang'ono
ngati akufuna dzina la mwana pa zotsatira za mayeso.
Kenaka adaima.

"Uyu ndani?"
Ndidati palibe, mayi, ndi munthu chabe.
"Munthu chabe wavala chitenje changa?
Ndidagula ku Limbuli ichi, chigamba chake ndi ichi.
Nanga nkhope mudaisiya kuti,
kapena penti adathanso?"

Esinala adaseka mpaka jumbo kuduka.
Ine malovu adauma.

Adagadabuza ndowa, nakhala,
nati dzina lake ndi Feliya Mukhuna,
nati ndifulumire, nyemba adasiya pamoto.
Zidatenga Maloweruka atatu.
Dzanja lodziwa zilembo zowongoka lidanjenjemera
pa chipsera cha pamwamba pa diso,
pa mpata wa mano,
pa maso amene ankandiyeza ngati sikelo ya kapitawo.
Pomaliza adayang'ana nthawi yaitali.
"Mphuno mwaikulitsa.
Koma ndine."

Sadachitenge, akuti kwawo kumadontha.
Adasiya chinanazi pa benchi ya a Makwinja
n'kutuluka osatsanzika.

Alendo amachidutsa chithunzicho.
Wina adafunsa ngati ndili nacho china chotere
koma choyang'ana kumbali.

Tsopano Loweruka masana pakhomo pamadzaza madengu.
Amabwera awiriawiri, atadzola mafuta,
wina ndi mpango wobwereka,
wina ndi mwana woti alowe nawo m'chithunzi,
amakhala pa ndowa ija mosinthana
n'kumandilangiza za makutu awo.
Amalipira mapeyala, nthochi, nthawi zina zikomo.
Bulawuni ndiye akutha msanga masiku ano,
ndayamba kusakaniza ndi dothi la kuseri.

Dzulo pa twente-folo a Nampinga adafika,
kabuku ka lendi m'manja.
Adawerenga nkhope zapachipupa, khumi ndi zinayi,
za mnyamata wa vidiyo osatchula.
Adapukuta ndowa ndi mpango, nakhala,
nakweza chibwano.
"Ndolo muike ziwiri.
Inayo idatayika, koma muike."

Lendi sadachotsereko ngakhale tambala.