Utoto Wochita Nkhanambo

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndagona chagada
kunsi kwa mapantoni a kapenta ku Chicoa,
ndikupala dzimbiri ndi kachitsulo kakuthwa mbali imodzi.
Limagwera m'maso, m'ndevu, m'kamwa.
Ndikalavula madzulo, malovu amatuluka ngati katondo.
Mkazi wanga Ermelinda analeka kundigulira malaya oyera.

Dzimbiri silibwera ndi ng'oma.
Limalowera pomwe pantoni inakhula chitsa cha tsanya
chomwe chinamira muja ankatseka madzi a Cahora Bassa,
kamzere kochepa ngati tsitsi,
kenaka limadya kunsi kwa utoto
monga chiswe chidyera nsichi, kunja kuli bwinobwino.
Chaka chatha nambala seveni inamwa madzi usiku,
nyali zikuyaka, ukonde uli pansi.
Anyamata atatu anasambira.
Wachinayi, Gervásio, tinampeza Lachisanu.
Amene anapaka pantoni imeneyo ndine.

Ndiye Lolemba kunabwera mtsikana wochokera ku Songo,
injiniya Felizarda, chipewa cholimba, nsapato zomukulira,
zitini zisanu ndi chimodzi kumbuyo kwa galimoto.
Akuti mu utotowu muli timatumba tosaoneka ndi maso,
tochepa kuposa mazira a nsabwe,
todzaza mankhwala.
Chitsulo chikakalika timaphulika,
mankhwala n'kuyenderera pabalapo, n'kuuma
madzi asanapeze khomo.
Dzimbiri likazemba n'kulowabe,
utoto wotuwawo umafiira pamalopo,
kuloza chala: apa.

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Ndinati, mwanawe, utoto ndi utoto,
sudziwa ngati uli pa bwato kapena pa chitseko cha chimbudzi.

Sanandiyankhe. Anandipatsa msomali.
Ndinakala kachidutswa ka chitsulo komwe anabwera nako,
mwankhanza, ngati ndili nako mangawa.
Tinakaponya m'ndowa ya madzi a m'nyanja
n'kukakhala patsinde pa mlambe, tikutafuna masau ouma,
dzuwa la Okutobala litakhalitsa chete ndi mbuzi zomwe.
M'mawa mwake ndinayendetsa chala pamzere paja.
Nkhanambo.
Yeniyeni, yotukuka pang'ono,
yonga ya pabondo pa mwana wogwa panjinga.

Usiku umenewo tulo tinandikana.
Ndinawerenga zipsera za m'manja mwanga:
ichi cha lata, ichi cha moto wowotcherera,
ichi cha waya uja anaduka chaka cha madzi osefukira.
Khungu langa lakhala likugwira ntchito imeneyi chibadwire
osalandira ngakhale metikali imodzi.
Lero aphunzitsa chitsulo.

Ermelinda anafunsa mumdima:
bwato likamadzipoletsa lokha, ife tidzadya chiyani?
Ndinati timatumbato timatha,
bala lachiwiri pamalo omwewo silipola,
ndipo utoto ukafiira pamafunika maso a munthu.
Mawu anga anatuluka olimba.
M'katimu sindikudziwa.

Lachitatu ndinapala nambala naini mpaka chitsulo kung'anima,
pakuti Felizarda akuti utoto wanzeru pa chitsulo chauve
ndi ndalama zoponyera ng'ona.
Pamenepo pokha tinagwirizana.
Ndinaviika bulashi pang'onopang'ono,
kuopa kuswa timatumba nthawi yake isanakwane.
Iye anaseka, nati sitisweka choncho.
Sindinafulumirebe.
Ndinayambira kumphuno, komwe zitsa zimamenya.

Masana amayi a Gervásio anadutsa ndi dengu la kapenta.
Anaima, nayang'ana chitini, nayang'ana ine.
Ndinafuna kuwauza kuti uwu umalankhula,
kuti ukanafiira kunsi kwa nambala seveni
masabata ambiri usiku uja usanafike,
ndikanauona, ndikanaitanitsa wowotcherera.
Kukamwa kunauma.
Anakonza nkhata, nasenzetsa bwino dengu lawo,
natsetsereka kulowera kumathandala oyanikira.
Utoto unali utayamba kudontha pabulashi.
Ndinapitiriza kupaka.