Mphindi Khumi ndi Zisanu za ku Valparaíso

Baltasar anafunsa kafunso kochepa:
phiri la Cordillera linagwedera bwanji Lachiwiri,
kuyambira 3 koloko usiku mpaka kota pasiti?
Ndinalemba, ndinadina, ndinadikira.
Khofi anazizira. Chikepe cha panja
chinakwera phiri, chinatsika, chinakweranso
ndi amayi onyamula buledi,
funso likadali m'njira.

Vutolo ndinkalidziwa, ndinalibereka ndine.
Zaka zinayi zapitazo, ndili mlendo pantchito, magazi akuthamanga,
ndinapatsa mzere uliwonse kiyi wongotola,
zilembo zosadziwana ndi mnansi,
choncho sekondi iyi inagona kuno,
mng'ono wake kutsidya kwa nkhokwe.
Mizere mamiliyoni mazana asanu ndi limodzi!
Kufuna mphindi khumi ndi zisanu
kunali kugogoda khomo lililonse mumzinda
n'kumafunsa: mwamuonako Lachiwiri?

"Ika nthawi patsogolo," anatero Baltasar,
mafuta a empanada ali kuchibwano.
Ndinakana. Masensa zikwi ziwiri
onse amalankhula mawu amodzi: tsopano, tsopano.
Adzapanikizana pakhomo limodzi kumapeto kwa tebulo
ngati anthu pa basi yomaliza ya ku Viña.
Ayi. Dzina la sensa liyambe, nthawi itsatire.
Chimene ukuchidziwa ndithu chitsogole;
cha kuyambira apa kulekeza apo chibwere pambuyo.
Ukatero mlozera amatsika kamodzi kokha,
nthambi ndi nthambi, kufika patsamba loyamba,
kenako n'kumangoyenda chammbali,
osadumpha, osafunsa njira,
mpaka kota itakwana.

Miyezi ndinaigawira zipinda,
kuti wofuna Juni asadzutse Meyi.
Milozera inayi imene palibe anaifunsapo kanthu
ndinaipha popanda maliro:
mlozera ndi pakamwa,
mzere uliwonse ukalowa, nayenso amafuna adyeko.

Chinandivuta ndi Epulo.
Usiku umene dziko lino limabweza mawotchi,
11 koloko amabwera kawiri
ngati mlendo woiwala chipewa,
ndipo mizere iwiri inkalimbirana kiyi mmodzi.
Ndinailanda wotchi ya pakhoma,
ndinaipatsa nthawi imodzi ya dziko lonse, yosabwerera.
Malire ndinawauzanso:
3:00 alowe, 3:15 adikire panja,
ndi wa funso lotsatira ameneyo, tisamuwerenge kawiri.

Lachisanu ndinadinanso.
Yankho linafika chala chisanachoke pa batani.
Phiri linasuntha, inde, pang'ono ngati chikhadabo,
pa 3:07, pansi pa nyumba yachikasu ya a Quilodrán.
Baltasar anaimba foni ku khonsolo,
sananene zikomo, anangondisiyira theka la empanada.

Madzulo, ndikukwera masitepe opita kwathu,
zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi, mawondo amawadziwa,
ndinayesa funso lomwelo m'mutu mwangamu:
Ogasiti uja, m'chipatala,
kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 6,
bambo ananena chiyani?

Mutu ulibe kiyi wa nthawi.
Umasunga ndi fungo la sopo wa m'chipinda chija,
ndi galu amene ankauwa kudoko,
ndi kapu yabuluu yothyoka chogwirira.
Ndikafunsa ola, umayamba kufufuza zonse,
mzere ndi mzere kuyambira ndili mwana:
umandibweretsera nsapato za sukulu,
umandibweretsera dzanja lawo likusenda lalanje,
koma ola lija ayi.

Ndinaima pa sitepe ya makumi asanu ndi anayi, kupuma.
Pansipo magetsi a sitima zapamadzi anali atayaka,
ndipo m'phirimo, pansi pa mapazi anga,
masensa anali kulemba, aliyense m'mzere wake,
dzina kenako nthawi, dzina kenako nthawi.
Langa funso silinabwere.
Sindinaliletse. Ndinalisiya lizithamanga,
ndinapitiriza kukwera.