Kathebulo ka Oiva

Ku Tampere, m'nyumba yosanja kasanu,
Oiva amawerengera ndalama za kampani ya mapepala.
Zaka makumi awiri ndi zitatu pampando umodzi,
msana unayamba kumuyankha mwano.

Adokotala anangoti: uziimirira.

Ndiye anagula kathebulo ka kiyibodi,
ka miyendo yopingasa ngati sizasi.
Ukakoka kachitsulo kam'mbali kamakwera,
kamvekere fyuu, mpaka pamchombo.
Ukakanikiza kamagwada.

Tsiku loyamba kuima
anaona zimene mpando unkamubisira:
chipale pamadenga a nyumba zanjerwa,
utsi wa fakitale uli chiimire m'chisanu,
ndi kadazi ka Veikko, kang'ono ngati ndalama,
kamene mwiniwake sakukadziwa.

Itakwana leveni mawondo anadandaula.
Anatsitsa.
Itakwana thuu msana unayambiranso.
Anakweza.
Tsiku lonse kuweruza mlandu
wa ziwalo zosafuna kupepesana.

Sirkka wa desiki yoyang'anizana
zaka zonsezi ankangomva kutsokomola kuseri kwa bolodi.
Lero wakweza kake nayenso,
maso akumana pamwamba pa chotchinga.

"Kani umaluma lilime ukamawerengera," watero.

Kunja kwada kale, folo isanakwane.
Mawondo akulira.
Oiva sakutsitsa.