Chipewa cha Mawaya

Zaka zitatu takhala tikuwayankhulira bambo.
Akaphethira kamodzi, timati akufuna tiyi.
Kawiri, achotseni padzuwa.
Chilankhulo chimenechi tinachipeka tokha
m'kanyumba kathu ka ku Mufakose,
ife ana a malilime athanzi,
n'kumawamwetsa mawu athu ndi sipuni.

Sitiroko inawapeza akupalasa makina osokera
pakhonde la sitolo ku Mbare,
tepi ili m'khosi,
buluku la mwini wake lisanapindidwe m'munsi.
Kuchokera tsikulo thupi lawo ndi nyumba yokhoma,
kiyi anatsalira m'kati.

Lero tawakweza masitepe awiriawiri,
ine kumiyendo, mlongo wanga Sankhulani kumapewa.
Panja jakaranda wathothokera pa magalimoto a ku Avenues.
Dokotala Chinembiri wawapaka mafuta ozizira m'mutu,
wawaveka chipewa cha mawaya
onga mizu ya mbatata yozulidwa kumene.
Akuti ubongo sunagone,
ukunong'ona ngati munthu wa m'chipinda china;
makinawa ntchito yawo n'kutsamiritsa khutu pakhoma.

Zilembo zikuthwanima pagalasi la kompyuta.
Chikathwanima chimene bambo akuchifuna,
ubongo umadzidzimuka pang'ono,
ndipo waya amagwira kudzidzimukako.

Z.
Mphindi yathunthu.
I.
Thukuta pamphuno.
M.
Dokotala wamwetulira: Zimbabwe!
Koma kwabwera I wina, kenako T, kenako S,
ndipo iye wayamba kugwedeza mawaya,
akuti pena pake pamasuka,
mawu otere m'Chishona mulibe, m'Chingerezi mulibe.

Musakhudze, ndatero ine.
Ndi chilankhulo chimene anabwera nacho pa basi kuchokera ku Ntcheu,
chimene ankachipinda n'kuika m'thumba akafika pamsika,
chimene ife tinkachita nacho manyazi kusukulu.

ZIMITSANI WAILESI

Ha! Zaka zitatu!
Wailesi kumutu kwa bedi, m'mawa mpaka usiku,
mpira, maulaliki, mitengo ya feteleza.
Tinkati tikuwachotsa kusungulumwa,
chonsecho inali mlezi wathu wosalipidwa
kuti ife tipeze mpata wotuluka.
Sankhulani waseka mpaka kukhala pansi.
Nane ndaseka, misozi ili chuchuchu,
mpaka kuseka kwandiuma kukhosi:
ngati wailesi ankaimva,
nanga ife?

Tinkakangana pamutu pawo ngati pa tebulo.
Za lendi. Za matewera a akuluakulu.
Za amene watopa kuposa mnzake.
Tsiku lina ine ndinati, Mulungu akanangowatenga,
ndikuwapukuta kukamwa ndi kansalu.

Magetsi athima.
Galasi lada bii.
Kuseri jenereta ikutsokomola, ikukana.
M'kamdimako maso a bambo ali pa ine,
ndipo sindikudziwa ngati kuphethira uku ndi tiyi,
kapena dzuwa,
kapena mlandu umene suwola.

Zayakanso.
Dokotala akuti apume, kulemba ndi ubongo n'kulima pouma.
Bambo ayang'anitsitsa galasi, osasuntha.

M. A. K. I. N. A.
Panja kondakitala wa kombi akuitanira anthu a ku Copacabana.
A. N. G. A.
Sankhulani wapita pawindo, wationetsa msana.

MAKINA ANGA MUZITHIRA MAFUTA

Tinagulitsa chaka chatha mvula ili pakati,
kwa mayi wina wa ku Glen View wosoka mayunifomu.
Tinawatulutsira khomo lakuseri,
wailesi titaikweza mpaka kumapeto.

Kodi sakudziwa?
Kapena akudziwa, ndipo akutiyeza
monga ankayezera makasitomala,
tepi m'chiuno, osanena kanthu, n'kulemba nambala m'kabuku?

Ayankheni, akutero dokotala, akukumvani bwinobwino.

Ine ndili ndi lilime, mapapo, milomo yonse iwiri.
Palibe waya ndi mmodzi yemwe pamutu panga.
Bambo akudikira,
ndipo chilembo choyamba
sichikubwera.